Chuma cha Masiye cha Mai Burdett-Coutts: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Nthambi ya Mvera



Lero sitinabwere ndi nkhani ya mitengo ya fodya kapena ya mlatho. Komiti inatipempha kuti tikambe za munthu mmodzi amene sanapondepo phazi m'dziko lino, ngakhale kuti ndalama zake zinafika. Iye ndiye Angela Burdett-Coutts, mai wa ku Mangalande, amene anabadwa m'chaka cha 1814 namwalira mu 1906. Ena mwa inu muti, nanga ife a ku Mvera tili naye chiani mzungu amene anafa kale-kale? Yankho lake nali. Kuno kwathu kumabwera alendo ambiri ndi mphatso m'manja, ena mijigo, ena mbuzi, ena mabulangete, ndipo ife timaomba m'manja ndi kuwavinira. Koma kuyesa mphatso, monga momwe timayesera chimanga pa sikelo, sitinazolowere kweni-kweni. Moyo wa maiyu ndi sikelo yabwino. Anapatsa kwa zaka 69, anapatsa ndi mtima woona, ndipo mphatso zake zina zinapulumutsa anthu, zina zinangoonongeka, zinanso zinatsegula njira imene iye mwini sanaone kumene inakathera.

Tiyambe ndi kumene chumacho chinachokera, pakuti munthu akakupatsa nyama nkwabwino kufunsa kumene anaipha.

Agogo ake aamuna, atate wa amai ake, anali Thomas Coutts, munthu wa ku Scotland, mwini banki yaikulu mu London, imene ngakhale Mfumu George III inali kusungitsako ndalama. Mkazi wake woyamba atamwalira mu 1815, mkuluyu anakwatira mkazi wochita zisudzo, dzina lake Harriot Mellon, ndipo ana ake aakazi atatu sanakondwere nazo konse. Pomwalira mu 1822 anasiya chuma chonse m'manja mwa mkazi wachiwiriyo. Abale anang'ung'udza, monga tidziwa kuti pa chuma cha masiye sipalephera kung'ung'udza. Koma Harriot sanadye chumacho iai. Anachisunga zaka 15, ali kuyang'anitsitsa zidzukulu za mwamuna wake mmodzi-mmodzi, ndipo pomwalira mu 1837 anasankha Angela, chitsiriza m'nyumba ya amai ake, namwali wofatsa wa zaka 23. Chaka chomwecho ndicho chimene Mfumukazi Victoria analowa ufumu.

Ife Achewa apa sitidabwa kwambiri, popeza chuma chinayenda njira ya kuchikazi, kuchokera ku mtundu wa amai ake. Koma chinadza ndi mfundo ziwiri zomangidwa m'kalata ya masiye. Yoyamba, atenge dzina la agogo akewo, ndicho chifukwa chake ali ndi maina awiri. Yachiwiri, ngati adzakwatiwa ndi munthu wa dziko lina, chumacho chidzamchoka. Mfundo yachiwiriyi muisunge, tidzaipeza kutsogolo.

Chumacho chinali ngati £1,800,000. Kuti timve kukula kwake, tikumbukire kuti m'zaka za m'ma 1890 msonkho wa nyumba m'dziko lino unali mashilingi 3, ndipo makolo athu anali kuthawira m'mapiri chifukwa cha mashilingi amenewo. Chuma cha namwaliyu chikanakhoma msonkho wa nyumba 12,000,000.

Atate ake a Angela, Sir Francis Burdett, anali phungu wa Nyumba ya Malamulo wosaopa munthu. Anatsutsa kukwapula asilikali ndi zikoti, anaulula nkhanza za m'ndende, nafuna kuti anthu wamba ambiri akhale ndi voti, kufikira mu 1810 anamtsekera iye mwini mu Tower of London. Mwana wake anatengera chifundo cha atate, koma njira anasiyana. Atate anali kufuna kusintha malamulo amene asaukitsa anthu. Mwana anasankha kuthandiza osaukawo ndi thumba lake. Mkazi masiku amenewo analibe voti, ndipo ngakhale kuyendetsa banki ya agogo ake sanamlole. Tsono tisamuweruze msanga. Khomo limene linali lotseguka kwa iye linali la chifundo lokha, ndipo analowa pomwepo.

Amuna ambiri anadza kudzafunsira, poona thumba, ndipo onse anabwerera. Makalata opempha ndalama anali kufika miyulu-miyulu. Mmodzi wa omthandiza kusankha koyenera kupereka anali mlembi wa mabuku wotchuka Charles Dickens, amene mu 1847 anatsegula naye nyumba yosungira atsikana ovutika a m'miseu ya London. Anamanga matchalitchi ndi masukulu, nathandiza kuyambitsa bungwe loletsa nkhanza kwa ana. Anali mtsogoleri wa bungwe la oweta njuchi ndi la oweta mbuzi, pofuna kuti m'mphawi amene sangathe kugula ng'ombe apeze mkaka wa ana ake. Zonsezi tingozidumpha, chifukwa nkhani yathu yaikulu ndi ya nkhondo.

Mu 1854 Mangalande ndi France analowa nkhondo yomenyana ndi Russia ku dziko lotchedwa Crimea. Asilikali ovulala ndi odwala anali kuwaolotsa nyanja kupita nawo ku chipatala cha ku Scutari, pafupi ndi mzinda wa Constantinople umene lero utchedwa Istanbul. Kumeneko ndiko kunali namwino uja mumamva dzina lake, Florence Nightingale, amene anafika mu November 1854. Chimene anapeza nchakuti ophedwa ndi zipolopolo anali ochepa poyerekeza ndi ophedwa ndi matenda: kamwazi, kolera, ndi malungo odza ndi nsabwe. Amai amene munadikirirapo wodwala kamwazi mudziwa kuti ntchito yaikulu ndi kuchapa. Tsono ganizani odwala zikwi m'nyumba imodzi, m'nyengo ya chisanu choopsa, dzuwa kulibe. Ungachape bwanji, nsaluyo siuma. Wodwala anali kugonekedwa pa zofunda zonyowa, kapena kumsiya pa zonyansa zomwezo.

Mbiri imeneyi itamveka ku London, Mai Burdett-Coutts sanatumize mbendera kapena mabuku a nyimbo. Analipira mmisiri kuti apange makina oumitsira zovala, bokosi lalikulu lachitsulo lotenthetsa ndi moto, ndipo mu 1855 anawatumiza pa sitima ali zidutswa-zidutswa kuti akawalumikize komweko. Si mphatso yoti munthu angaimbire nyimbo. Palibe amene amavina chifukwa cha makina oumitsira nsanza za odwala. Koma ife tiyesa kuti pa mphatso zake zonse imeneyi ndiyo inalasa pakati peni-peni, ndipo chifukwa chake nchimodzi: amene anali m'kati mwa vuto ndiwo ananena chosowa, ndipo mwini ndalama anamvera.

Patapita zaka 22, mu 1877, Russia inamenyananso ndi Turkey, ndipo apa mpamene mtima wa maiyu unaonekera bwino. Ankhondo a Russia potsikira ku Bulgaria, alimi Achisilamu a kumeneko anathawa m'midzi mwao ndi ngolo zao, akazi, ana ndi nkhalamba, kulunjika ku Constantinople. Chisanu chinawapeza pa njira, ndipo ambiri anafera m'mbali mwa miseu. Amene anafika anadzaza m'mizikiti ndi m'makonde, ali ndi njala ndi matenda. Tsono dziwani kuti chaka chapitacho, mu 1876, asilikali a Turkey anali atapha Akhristu ambiri a ku Bulgaria, kotero kuti ku Mangalande anthu ochuluka anali kudana ndi dzina lomwe la Mturuki. Kupemphera Asilamu chithandizo nthawi imeneyo sikunali kodzetsa ulemu. Koma mai ameneyu, amene anali wa mpingo wa Anglikani wolimbikira, analemba m'nyuzipepala kupempha anthu kuti asonkhe, iye mwini nayamba kuponya zake. Thumbalo linatchedwa Turkish Compassionate Fund. Anatuma mnyamata wina, William Ashmead-Bartlett, kuti akayang'anire kugawa kwa chakudya ndi zovala, mogwirizana ndi kazembe wa Mangalande kumeneko, Henry Layard. Nkhondo itatha mu 1878, thumbalo silinafe. Akazi othawawo anali odziwa kupeta nsalu ndi ulusi, ndipo anawapezera zipangizo ndi msika, nayamba kudya za manja awo. Sultani wa Turkey anampatsa mendulo ya ulemu.

Ife a m'boma la Dowa nkhani ya othawa nkhondo sitiimva ngati nthano. Pa nkhondo ya ku Mozambique, kuyambira cha mu 1986 kufikira atabwerera kwao cha mu 1994, dziko lino linasunga anthu oposa 1,000,000, ambiri a iwo m'midzi ya m'malire monga ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Nsanje. Ndipo pano pathu pomwe, Dzaleka, amene kale anali ndende ya andale, anasanduka msasa wa othawa nkhondo mu 1994, ndipo pofika 2023 munali anthu oposa 50,000, ochokera maka-maka ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mai wa ku Ntcheu amene anagawa munda wake ndi nkhuni zake kwa mlendo wa ku Angonia analibe banki ya agogo ake, ndipo mendulo sanalandire. Sitinena izi kuti tichepetse Mai Burdett-Coutts. Tingofuna kuti poyamika wolemera wopatsa, tisaiwale kuti iye anatapa pa nkhokwe yodzaza, pamene anzathuwo anatapa m'lichero.

Tsono tifike pa funso lija, lakuti ndalama zake zinafika bwanji kuno.

Mu 1847 maiyu anapereka ndalama zokhazikitsira mabishopu awiri a Anglikani, wina ku Adelaide m'dziko la Australia, wina ku Cape Town. Bishopu woyamba wa ku Cape Town anali Robert Gray. Patapita zaka 10, mu December 1857, David Livingstone analankhula ku sukulu yaikulu ya Cambridge, kupempha kuti atumize amishoni ku dziko la pakati pa Africa kumene malonda a akapolo anali kutha anthu. Mai Burdett-Coutts anali bwenzi la Livingstone, anali kulemberana naye makalata ndi kumthandiza. Koma moto umene Livingstone anayatsa ku Cambridge unayamba kuzirala iye atachoka, ndipo amene anadza kudzausonkhezera anali Bishopu Gray yemweyo. Pa 1 January 1861, mu tchalitchi cha ku Cape Town, Gray anadzoza Charles Mackenzie kukhala bishopu wa mishoni yatsopanoyo. Mu July chaka chomwecho Mackenzie ndi Livingstone anakwera mapiri a ku Shire, namasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame, nakamanga mishoni pa Magomero. Mackenzie sanakhalitse. Analowa m'nkhondo za Amang'anja ndi Ayao, ndipo anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 kufupi ndi pamene Ruo athira mu Shire. Mishoni inasamukira ku Zanzibar, koma inadzabweranso, nikhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo pambuyo pake ku Nkhotakota ndi ku mapiri a Ntchisi. Tsono abale athu a Anglikani a kumeneko, akatsata mzu wa mpingo wao, adzapeza kuti nthambi ina ya mzuwo inamwa madzi m'thumba la maiyu. Ife a pano mishoni yathu inadza njira ina, ndi A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed, amene anamanga pano pa Mvera m'dziko la Chiwere mu 1889. Koma onsewo analowa pa khomo limene Livingstone anatsegula.

Pa khomo lomwelo sipanalowe Uthenga ndi sukulu zokha. Mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa Mangalande, ndipo msonkho uja wa mashilingi 3 unatsata. Magomero yemweyo, kumene akapolo omasulidwa anayamba kuphunzira, anadzakhala munda waukulu wa A. L. Bruce Estates, wa banja la mkamwini wa Livingstone, kumene thangata inawawa kotero kuti mu January 1915 anthu a John Chilembwe anakapha kapitao wamkulu wa mundawo. Kodi Mai Burdett-Coutts anafuna zimenezi? Iai, sitikhulupira. Iye anafuna kuti ukapolo uthe. Koma munthu wokhala ku London, wotumiza ndalama ku dziko limene sanalionepo, ali ngati wotentha tchire ali kutali: ayesa apha mbewa, osadziwa kumene mphepo itembenukire.

Tibwerere ku London, kuti muone mphatso imene inalephera iye ali kupenya ndi maso ake.

Kum'mawa kwa mzindawo kuli dera lotchedwa Bethnal Green, limene masiku amenewo linali la amphawi otheratu. Kumeneko anayamba wamanga nyumba zogonamo mabanja ambiri pa lendi yochepa, ndipo anthu analowamo. Kenaka anaona amalonda ang'ono-ang'ono akugulitsa nsomba ndi ndiwo pa tingolo m'miseu, m'mvula ndi m'matope, nawamvera chisoni. Anaganiza zowamangira msika. Msikawo, Columbia Market, unatsegulidwa mu 1869, ndipo unadya ndalama ngati £200,000. Amene anauona anati unali ngati tchalitchi chachikulu: zipilala zamwala, denga lalitali, nsanja ya mabelu oimba nyimbo za Mulungu, ndi mau olangiza olembedwa m'makoma. Munalinso malamulo a kakhalidwe.

Amalonda aja anabwera, anasuzumira, nabwerera ku mseu.

Amai amene mumagulitsa tomato ndi mbatata m'mbali mwa mseu wa ku Salima mwadziwa kale chifukwa chake, sitisowa kukuuzani. Wogula ali pa mseu. Wogulitsa atsata wogula, satsata denga. Ndiponso eni msika wakale wa nsomba wa Billingsgate, amene anagwira malonda onse a nsomba m'manja mwao, sanafune mnzao wopikisana naye, ndipo katundu sanali kufika ku msika watsopanowo. Maiyu anayesa kuusandutsa msika wa nsomba, anaupereka kwa akuluakulu a mzinda, iwo naubweza patapita zaka zochepa. Pofika 1886 unali utatsekedwa, ndipo mu 1958 anayamba kuugwetsa. Akulu anati safunsa anadya phula. Chodabwitsa nchakuti ndi munthu mmodzi yemweyo amene anamvera anamwino a ku Scutari. Kwa anamwino ndi madokotala anafunsa, chifukwa anawayesa anzake odziwa zinthu. Kwa ogulitsa nsomba sanafunse, chifukwa anayesa kuti adziwa kale chowakomera. Ndipo ife tonse taonapo m'maboma muno misika yomangidwa bwino ndi njerwa ndi malata, m'kati muli mbuzi zokha zobisala mvula, malonda ali panja.

Ku Ireland zinayenda mwina. Kumwera kwa dzikolo kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Baltimore, ndi chilumba cha Cape Clear. Nyanja yao inali ndi nsomba zambiri, koma anali kuzipha ndi alendo okhala ndi ngalawa zazikulu, eni dziko ali kungopenya pa gombe ndi timabwato tawo. Njala itavuta cha mu 1879 ndi 1880, wansembe wao wa Chikatolika, Bambo Charles Davis, anakafotokoza kwa maiyu chimene anthuwo anali kusowa. Iye anaika £10,000 kuti ikhale ngongole yopanda chiwongoladzanja, yoti asodzi agulire ngalawa zazikulu ndi kubweza pang'ono-pang'ono akagulitsa nsomba. Asodziwo anabweza mokhulupirika, ndipo ndalama yobwezedwayo inali kugulira ena. Mudzi unadzuka. Taonani kusiyana kwake: ndalama ya ku Baltimore inali gawo limodzi mwa magawo 20 a ndalama ya msika uja. Yochepayo inabala, yochulukayo inamira. Ndipo asodziwo sanakhale opemphetsa, pakuti munthu wobweza ngongole amayenda mutu uli m'mwamba.

Koma ngakhale apa pali chowawa chimene iye sanachione. Mu 1887 anatsegula ku Baltimore sukulu yophunzitsa anyamata usodzi. Sukuluyo inalinso malo osungirako ana amasiye ndi osauka, kufikira inatsekedwa mu 1950. Patapita zaka zambiri bungwe lofufuza la boma la Ireland linalengeza kuti m'zaka zomaliza za sukuluyo ana anali kugona ndi njala, kumenyedwa ndi kuchitidwa zamanyazi. Womanga anali atapita, ndipo panalibe wofunsa.

Za nkhondo ya Azulu ya mu 1879 tinene mwachidule, ngakhale ikhudza abale athu Angoni, popeza makolo awo anachokera komweko asanaoloke Zambezi mu 1835. Azulu atagonjetsa asilikali a Mangalande pa Isandlwana mu January, ndipo nkhondo itakula, maiyu anagwirizana ndi olemera anzake kusonkha ndalama zotumizira madokotala ndi anamwino ku Natal. Chithandizocho chinali maka-maka cha asilikali a Mfumukazi, amene analowa m'dziko la eni ake natentha mudzi wa Mfumu Cetshwayo pa Ulundi mu July. Mai amene anatha kuona umunthu wa Msilamu wa ku Bulgaria anathandiza pano mbali ya olanda dziko. Chifundo cha munthu mmodzi chimapita kumene maso ake apenya, ndipo maso a munthu ali ndi malire.

Malire amenewo makolo athu anawadziwa bwino pa nkhondo ya 1914, maiyu atagona kale m'manda. Dziko lino linapereka asilikali ngati 19,000 ndi amtengatenga pafupi-fupi 200,000, osenza katundu wa nkhondo kumka ku Karonga ndi kupitirira. Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala mu November 1914, kudandaula kuti amphawi a dziko lino ndiwo adzafa pa nkhondo imene si yao, nadzasiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Amene anabwerako ali mafupa okha-okha anawalera ndi amai awo, akazi awo ndi alongo awo, ndi phala la m'nyumba.

Tsono mfundo ija tinati muisunge. Mu 1878 anamwalira Hannah Brown, amene anamlera maiyu kuyambira ubwana nakhala naye zaka zoposa 50. Maiyu anatsala yekha m'nyumba yaikulu. Pa 12 February 1881, ali ndi zaka 66, anakwatiwa ndi mnyamata uja anamtuma ku Turkey, William Ashmead-Bartlett, amene anali wamng'ono kwa iye ndi zaka 37. Mangalande yense anagwira pakamwa, ndipo Mfumukazi yomwe, imene inampatsa ulemu wa Baroness mu 1871, sinakondwere. Choposa apo, mnyamatayo anabadwira ku America, ndiye kuti anali wa dziko lina. Mkulu wake wa maiyu, Clara, anatulutsa kalata ija ya masiye, ndipo pomaliza magawo atatu mwa asanu a ndalama zimene anali kulandira chaka ndi chaka anamchoka. Iye anadziwa kuti zidzatero, nakwatiwabe. Za ukwatiwo ife tilibe mlandu nazo. Anakhala pamodzi zaka 25 mwamtendere, ndipo mwamunayo ndiye anatenga dzina la mkazi, monga mkamwini wolowa m'mudzi. Chimene chitikhudza nchakuti masukulu ndi mabungwe amene anali kudalira dzanja lake anaona thandizo likuchepa, pa chifukwa chimene iwo analibe nacho mau.

Mwamunayo anakhala phungu wa Westminster kuyambira 1885. Mu 1900 anapita ku nkhondo ya Mabunu ku South Africa, naulula m'nyuzipepala ya The Times m'mene asilikali odwala anali kufera pansi m'zipatala za ku Bloemfontein, kufikira boma linatuma ofufuza. Imeneyo inali ntchito yabwino. Koma yemweyo analinso mmodzi wa akuluakulu oyambitsa kampani ya Imperial British East Africa Company mu 1888, imene inatsegula njira yoti Kenya ndi Uganda akhale pansi pa Mangalande.

Mai Burdett-Coutts anamwalira pa 30 December 1906 ali ndi zaka 92, atapereka ndalama zoposa £3,000,000 m'moyo wake. Anthu pafupi-fupi 30,000 anadza kudzaona bokosi lake kunyumba kwake, ambiri a iwo amphawi a kum'mawa kwa London, ndi amalonda a m'miseu omwe, aja anakana msika wake. Sanaufune msikawo, koma mwini wake anamkonda. Pa 5 January 1907 anamuika m'tchalitchi cha Westminster Abbey, mmene agona mafumu a dzikolo.

M'tchalitchi chomwecho agonanso bwenzi lake Livingstone, amene anaikidwa pa 18 April 1874. Iye anafera kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu 1873, ndipo mtembo wake anaunyamula ndi anthu ake pa mapewa miyezi 9, ulendo wa mamailosi oposa 1,000, kufikira ku Bagamoyo m'mbali mwa nyanja yamchere. Otsogolera ulendowo anali Susi ndi Chuma. Chuma ameneyu anali Myao, mmodzi wa ana amene Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anawamasula mu 1861, ndipo anakhala pa mishoni ya Magomero ali mwana. Pa tsiku la maliro ku London, mwa Aafrika onse a pa ulendowo panali Jacob Wainwright yekha. Susi ndi Chuma anafika ku Mangalande maliro atapita kale, pa ndalama za James Young, mnzake wina wa Livingstone. Chuma anabwerera nagwira ntchito ndi mishoni ija ya Anglikani, natsogoleranso maulendo ena a azungu, ndipo anamwalira ku Zanzibar mu 1882, asanafike zaka 35.